Chilonda cha a Lazaro

Loweruka lapitali panakwana chaka amalume anga a Lazaro chimwalirire. Kutchalitchi kwathu ku Mualadzi kunali Misa yowakumbukira, ndipo mlongo wanga Tomasi anandipempha kuti tikafika kumanda ndiyankhulepo mawu awiri atatu m'malo mwa ife ana a mlongo wawo. Ndinakana, ndinati pakhosi pakundiwawa. Pakhosi panalibe kanthu. Ndinkangoopa kuti ndikatsegula pakamwa pangatuluke zinthu zomwe sizinenedwa pamanda a munthu, anthu atavala zoyera, makandulo akuyaka.

Choncho anayankhula ena. Mkulu wa kumpingo anati a Lazaro anali mwinimbumba weniweni, wa mtundu uja ukusowa masiku ano. Mayi wina anati sanaonepo munthu wokonda mlongo wake ngati iwo. Anthu anavomereza ndi mitu, amayi anga akupukuta misozi ndi nsonga ya kapulana, chitenje chawo chija. Fungo lija linandibwerera m'mphuno pomwepo, fungo la madzi amchere osakanizika ndi mafinya, lomwe ndinakula nalo m'mawa uliwonse wa ubwana wanga.

Ndisawanamizire. A Lazaro sanali munthu waukali. Sanamenyepo munthu, kachasu sankamwa, Misa sankajomba. Anali wamtali, woonda, wa mawu ofewa ngati akukupepesa. N'chifukwa chake zinali zovuta, chifukwa panalibe chimene ukanapita nacho kwa akuluakulu n'kunena kuti taonani andichita chakuti. Ankangokhala. Anali ndi kadera, mpando wamatabwa, pakhonde la amayi, pafupi ndi khomo, pamalo poti aliyense wolowa kapena wotuluka azilambalala mwendo wawo wakumanzere, womwe ankautambasulira pa kachitsa. Pa msongolo wa mwendo umenewo panali chilonda chachikulu ngati pakamwa pa kapu.

M'mawa uliwonse, asanasese, asanapite kumunda, amayi ankafunditsa madzi, kuthiramo mchere, n'kugwada pamaso pa alongo awo ndi beseni. Ankamasula nsanza za dzulo pang'onopang'ono chifukwa zinkakanirira, kutsuka, kuumitsa, n'kumanga zina. Makapulana akale a amayi onse anathera pamwendo umenewo. Ine ntchito yanga inali yokataya madziwo kumapeto kwa khonde, ntchentche zikunditsatira. Amalume ankatsinzina, mutu atautsamiritsa kukhoma, n'kumati dzanja la Malita, amayi angawo, ndi lokhalo lomwe chilondachi chimalimva.

Mbiri ya chilondacho aliyense ku Mualadzi ankaidziwa, chifukwa mwini wake sankatopa kuifotokoza. Nkhondo itafika m'mudzi, makolo awo anali atamwalira kale. Amayi anali kamtsikana kosatha msinkhu, akudwala malungo, osatha kuimirira. A Lazaro, omwe anali mnyamata wamkulu, anawabereka kumsana ndi nsalu n'kulowa nawo m'thengo kulowera ku Zambia. Powoloka kamtsinje kena chitsa chinawang'amba msongolo, koma sanamutule mwanayo. Izi n'zoona, ndipo sindikuzitsutsa. Pakanapanda iwo, ine sindikanabadwa. Koma ulendo umene ndili wamng'ono unali wa masiku atatu, pomwe ndinkatha msinkhu unali utafika sabata yathunthu, ndipo zaka zomalizira munalowanso mkango womwe poyamba munalibe. Akafika pa kamtsinje paja ankaleka kuyankhula, n'kuyang'ana amayi mpaka amayiwo awerame.

Ankakonda kunena kuti mwamuna wa munthu ndi wobwera, tsiku lililonse atha kumanga katundu wake, pomwe iwo ndi amayi anayamwa bere limodzi. Ankanena izi akuseka, alamu awo, abambo anga, ali pomwepo akudya nawo mbale imodzi. Ankanenanso kuti iwo safuna kanthu kwa munthu, kungoti asafere kutali ndi mlongo wawo. Munthu wosafuna kanthu ameneyo ndiye ankayamba kupatsidwa madzi osamba, ndiye ankasankha nkhuku yoti iphedwe, ndiye ankanena ngati amayi apite ku msonkhano wa amayi a kumpingo kapena ayi.

Ndipotu anali ndi akazi awo. Anthu ambiri ankaiwala zimenezi, mwina iwonso ankaiwala. Atabwerera kuchokera ku Zambia anakwatira a Nambewe a ku Nsadzo, ndipo monga mwa mwambo anapita kukakhala chikamwini kumeneko. Chimanga chomwe anabzala sanakolole. Anabwerera akutsimphina, akuti madzi a ku Nsadzo akukulitsa chilonda, ndiponso akazi awo ndi olemera dzanja. Kuchokera apo ankapitako ngati mlendo, pa Khirisimasi ndi pamaliro, ndipo maulendo ochepa omwewo anabereka ana atatu omwe a Nambewe analera okha. Kamodzi pachaka mayiwo ankabwera wapansi atasenza mtedza. Ankakhala pamkeka chapatali n'kumaonerera mlamu wawo akutsuka mwendo wa amuna awo. Chaka china anapempha kuti atsukeko. Amalume anabweza mwendo ngati aona moto.

Abambo anga, a Jaimi, anali okonza njinga ochokera cha ku Cassacatiza. Anali munthu wa mawu ochepa, wa manja akuda ndi girizi nthawi zonse. Anabwera kudzakhala chikamwini, ndipo nkhoswe ya amayi anali a Lazaro omwewo, popeza panalibenso wina. Abambo anaumba njerwa okha, kuziotcha, n'kumanga nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi kanyumba ka udzu ka amalume. Nyumbayo isanaume n'komwe, amalume anabwera atanyamula mala yawo, bokosi lachitsulo lija anabwera nalo kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo. Anati kwawo kukudontha ndiponso kuli chiswe, malayo aisungireko pansi pa bedi. Kiyi wake ankamumangirira m'khosi ndi chingwe.

Kwathu kuno mwana wamng'ono amadziwa kuti mwamuna salowa kuchipinda kwa mlongo wake wokwatiwa. Ngakhale kusuzumira n'zamanyazi. A Lazaro ankalowa. Ankalowa m'mawa, ankalowa masana makolo anga akupumula atachokera kumunda, osagogoda, kungokhosomola kamodzi ali kale pakhomo. Ankati akufuna kutenga kanthu m'mala. Abambo anafolera kanyumba kaja ndi udzu watsopano, amalume anati chiswe chikadalipo. Abambo anakhoma kathandala kokwera kuti malayo isakhudze pansi, amalume anati kumeneko kuli mbava. Zaka zinapita choncho. Ine ndinazindikira zinthu ndikuganiza kuti pakhomo paliponse amalume amakhala ndi katundu pansi pa bedi la makolo, mpaka anzanga kusukulu anandiseka.

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi pamene abambo anatopa. Inali nyengo yotentha, chimanga chili m'nkhokwe. Anachokera kosamba atangodzikulunga nsalu m'chiuno, n'kupeza alamu awo atagwada m'chipinda, mutu uli pansi pa bedi. Anadikira kuti atuluke, anavala, kenako anakoka mala ija n'kukaiika pakhonde. Ndikukumbukira kuti anaiika bwinobwino pa njerwa ziwiri kuti isachite dzimbiri. Amalume anaiyang'ana, anayang'ana abambo, n'kunena mofatsa kuti nkhaniyi ndi ya ankhoswe.

Mlandu unaikidwa patapita masiku atatu, kuti akulu awo a abambo afike kuchokera ku Cassacatiza. Nthawi imeneyo chilonda chinali chitauma, chitachita nkhanambo, amayi n'kumanena mosangalala kuti mwina chaka chino chitseka. Dzulo lake la mlandu, dzuwa lili pamutu, ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe kukafuna pomwe nkhuku yathu inkaikira. Ndinapeza amalume atakhala pansi, nsanza atamasula, ali ndi tsekera losongola m'manja. Ankatokosa nkhanamboyo kuyambira m'mphepete, pang'onopang'ono, n'kumaitaya pansi. Magazi ankatsika mpaka pachidendene. Chomwe chimandinyansa mpaka lero si magaziwo, koma nkhope yawo. Inali phee, ngati ya munthu amene akusenda mtedza. Sanandione. Ndinabwerera chambuyo n'kukasanza kuseri kwa bafa.

Kutacha anthu anakhala pabwalo pa nyumba. Aliyense ankadziwa wolakwa. Akulu awo a abambo anayankhula mwaulemu koma mosapsatira.

"Alamu, tiuzeni. Kumene munayenda konse, ku Zambia komweko, munakuonapo kuti nkhoswe ikusunga katundu pansi pa bedi la banja lomwe ikuyang'anira?"

Amayi ena achikulire anaseka ataphimba pakamwa. Amalume anawerama n'kuyamba kumasula nsanza, osafulumira, kuti aliyense aone. Chilondacho chinali chofiira, chotupa, chikuchucha. Kuseka kunatha.

"Malita," anatero, "ine banja lako sindikuletsa. Alamu aonetsa poyera kuti katundu wanga akununkha m'nyumba mwawo. Palibe kanthu. Ndinyamuka lero lomwe, wapansi, mpaka ku Nsadzo. Ukamva kuti ndagwa panjira usadandaule. Mwendo uwu unayenda kale ulendo wake."

"Palibe amene akuthamangitsa munthu pano," anatero abambo. "Khonde ndi lawo, chakudya ndi chawo, munda ndiwalimira. Ine ndikungopempha chipinda. Amake Tomasi, yankhulani inu. Chipinda chokha."

Amayi anadzuka, anamanga kapulana mwamphamvu, anapita pomwe panali mala paja, anaisenza pamutu n'kulowa nayo m'nyumba. Tonse tinamva chitsulo chikukhwekhwereza pansi polowa kunsi kwa bedi. Mlandu unathera pomwepo. Patapita masiku awiri abambo anamangirira zipangizo zawo panjinga. Ife ana tinatsala, poti ana ndi a kuchikazi. Abambo anandigwira pamutu, anandisiyira girizi m'tsitsi, ndipo ndinakana kusamba mpaka amayi anandikakamiza.

Sabata yomweyo ndinawauza amayi zomwe ndinaona kuseri kwa nkhokwe. Anandiwomba mbama, koyamba ndi komaliza m'moyo wanga, n'kundiuza kuti ndikatenge beseni.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuchiyang'anitsitsa chilondacho, ndipo ndinaona kuti chinkadziwa alendo. Abambo anabwerako kawiri kudzayesa kukonza banja, ndipo kawiri konseko anapeza mwendo utatupa. Kenako anagwa ulesi n'kukwatira kwawo. Patapita zaka, katekisita wina wamasiye, munthu wabwinobwino, anayamba kudutsa pakhomo pafupipafupi, tsiku lina ndi nthochi, tsiku lina ndi funso la nyimbo za kwaya. Sabata yomwe anatumiza mawu kwa nkhoswe, amalume anakanika kudzuka pakadera, ntchentche zili mbwee. Katekisitayo anakakwatira kwina. Pakhomo pakakhala bata, popanda mwamuna wosuzumira, chilondacho chinkauma bwinobwino, mwini wake n'kumayenda mpaka kumsika.

Ku posito ya zaumoyo, kachipatala kathu, ankapitako, musaganize kuti sankapita. Namwino watsopano aliyense akabwera, a Lazaro ankavala jekete n'kukaonetsa mwendo. Aliyense mwa anamwinowo ankanena zofanana, kuti chilondachi si chovuta, akamapaka mankhwala n'kumamanga bwino chitseka mvula isanabwere. Ankawapatsa pomada, mankhwala opaka aja, ndi mabandeji oyera. Pobwerera amalume ankauza anthu panjira kuti mankhwala a boma sagwira chilonda cha nkhondo. Amayi akafunsa za pomadayo, ankati apaka okha. M'mawa mwake beseni linkabwera monga mwa masiku onse.

Za ine palibe zambiri. Ndinakwatiwa n'kupita chitengwa kutali ndi Mualadzi, mwadala. Tomasi akabwera kudzandiona ndimamuyalira mkeka pabwalo, ndipo chikwama chake ndimachisiya pomwe ndikuchiona. Sanandilakwire chilichonse mwana wa amayi anga. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chomwe ndimamulandirira ngati wodzagula mbuzi. Zimenezonso ndimaziika pamutu pa a Lazaro.

Sichinali chilonda chomwe chinawapha. Chinali chibayo, nyengo yozizira, masiku anayi okha. A Nambewe anafika tsiku lachiwiri la maliro ndi ana awo, omwe tsopano ndi azibambo a ndevu. Atalowa m'nyumba anapeza amayi atakhala kumutu kwa maliro, pamalo pa mkazi wamasiye, tsitsi lili nyankhalala, mawu atatha ndi kulira. Amayi a kumpingo anayamba kunong'onezana, wina n'kugwira amayi paphewa kuti asunthe. A Nambewe anakhala pansi pafupi ndi khomo n'kutambasula miyendo.

"Asiyeni," anatero. "Amasiye ndi omwewo. Ine anandisudzula kalekale, ali moyo."

Abambo nawonso anabwera, imvi zili mbuu, njinga yake yomweyo. Akazi awo a ku Cassacatiza anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Anakumba nawo manda a munthu yemwe anawachotsa m'nyumba yomanga okha. Tsiku logawa katundu wa malemu anamuitanira pambali Tomasi, poti tsopano mwinimbumba ndiye, n'kumuuza kuti ngati amake angalole, iwo akufuna kudzamalizira ukalamba pakhomo pano. Tomasi anabwera kudzandiuza maso akuwala ngati mwana. Nanenso ndinati basi, chotchinga chija chapita, amayi akadali ndi mphamvu, apumeko, wina awafunditsireko madzi iwonso.

Katundu wa a Lazaro sanali wambiri. Jekete, nsapato, kolona, khasu lomwe silinkadziwa munda. Kenako Tomasi anatulutsa mala n'kuiika pakhonde, pamaso pa a Nambewe ndi ana awo, abambo atakhala chapatali pa njerwa. Kiyi anali atamuchotsa m'khosi posambitsa thupi. Pamwamba panali khadi la kumsasa ndi nsalu yakale yothothoka, yomwe amayi anaizindikira nthawi yomweyo kuti ndi ija anawaberekera. Tomasi ataichotsa, pansi pake panali pomada. Timachubu tambirimbiri, tina tatsopano, tina todzimbirira, tonse tosatsegula. Mabandeji anali m'mapepala mwake, atasanjidwa bwinobwino m'mizere ngati m'sitolo. Mala yonse inali yodzaza ndi mankhwala a zaka zonsezo.

Mwana wamkulu wa a Nambewe analavula pansi n'kuchokapo. Ine ndinaiwala kuti pali alendo.

"Amayi, mwaona? Mwaona tsopano? Mbama ija munandimenyeranji?"

Amayi anali atagwira nsalu ija pachifuwa. Anandiyang'ana osadabwa ngakhale pang'ono.

"Iwe ukuyesa sindinkadziwa?" anatero. "Mwendo umenewo ndatsuka ine zaka zonsezi. Ndingalephere kusiyanitsa chilonda chodzitsegukira chokha ndi chotokosa?"

"Nanga bwanji, amayi? Bwanji?"

"Akanachira akanapita ku Nsadzo. Ine ndikanatsala ndi yani?"

Ananena izi abambo ali pomwepo, mtunda woti n'kumva ngakhale kupuma kwawo. A Nambewe anaseka kamodzi, kuseka kouma, n'kuyamba kumanga mpango kumutu. Ine ndinamva mseru womwe uja wa kuseri kwa nkhokwe, koma ulendo uno sindinadziwe woti ndimusanzire. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti pakhonde paja pali wogwira ndi wogwidwa. Anali awiri, akusunga chilonda chimodzi, wina kutokosa wina kutsuka, ndipo anthu ena onse, abambo, a Nambewe, ana asanu, tinali ongolambalala mwendo.

Tomasi anayesabe. Anagwada pafupi ndi amayi n'kuwauza mwakachetechete zomwe abambo anapempha. Amayi anatembenuka kuyang'ana pakadera, mmene ankachitira nthawi zonse munthu akawafunsa kanthu. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anabwezera nsalu ija pamwamba pa mankhwala, anatseka mala, anapempha kiyi, n'kuikoka okha kulowa nayo m'nyumba, poti kusenza sakanathanso. Tinamva chitsulo chikukhwekhwereza pansi mpaka kunsi kwa bedi. Abambo anadzuka, anasansa fumbi pathalauza, anatsanzika a Nambewe mwaulemu, n'kukankha njinga mpaka kumsewu asanaikwere. Sanabwerenso, ngakhale pa Misa ya Loweruka lapitali.

Titachoka kumanda tsiku limenelo ndinagona kwa amayi, ndipo m'mawa ndinakhala pabwalo kuyang'ana khonde. Kanyumba ka udzu kaja kanagwa mvula yathayi, palibe wakadzutsa. Kadera ikadali pomwe inali, pafupi ndi khomo, ndipo pakhoma pamwamba pake pali banga lakuda pomwe mutu unkatsamira. Kachitsa kali patsogolo pake, kosalala ndi chidendene. Palibe amene amakhalapo, ngakhale alendo amakonda kukhala pansi. Kumapeto kwa khonde, pomwe ndinkataya madzi paja, dothi ndi loyera ndi mchere ndipo sipamera ngakhale udzu. Amayi anatuluka m'khitchini atanyamula beseni la madzi ofunda, anafika pakadera, anaima pang'ono, kenako anakawataya pamalo pomwe paja. Pobwerera m'nyumba analambalala kachitsako, kukweza phazi mosamala kuti asakhudze mwendo.